Tsiku lomwe kompyuta inakana kufufuta zomwe ndinailamula

Akonzi,

Zikomo pondipatsa danga m'nyuzipepala yathuyi. Ndine mlembi wa gulu la alimi a mtedza kuno ku Mchinji. Masiku ano magulu ambiri onga lathuli, makopaletivu, mabanki mkhonde ngakhalenso timagolosale ta m'misika, akusiya makope n'kuyamba kusunga mawerengero a ndalama pa kompyuta. Sindikutsutsa zimenezi, pagulu pathu amene anazikakamira ndi ine ndemwe. Koma pali dzenje lina lomwe ndinagwamo kawiri m'nyengo imodzi yogula mtedza, ndipo maulendo onse awiri amene anavulala anali munthu wina, osati ine. Mawu ena m'kalatayi ndawasiya momwe amalembedwera pa makina. Ndikupempha atcheya ndi asungichuma kuti asathawe powaona mawuwo, chifukwa ndalama zomwe zimasokonekerazo ndi za anthu awo.

Ntchito yathu imayenda motere. Mvula isanagwe timabwereketsa mbewu kwa mamembala. Akakolola amabweretsa mtedza wosenda, timayeza pasikelo, timadula ngongole, ndipo yotsalayo timawapatsa wogula wamkulu akatilipira. Pasikelo pamakhala mnyamata wolemba malisiti m'buku la kaboni, madzulo n'kukopera zonse mu Excel. Ine ndinalemba kapulogalamu m'chilankhulo cha Python kotenga mndandanda umenewo n'kuulowetsa mu database, nkhokwe yosungiramo zolembedwa pa kompyuta, yotchedwa SQLite. Ndinasankha SQLite chifukwa zonse zimakhala mu fayilo imodzi, sifuna intaneti kapena makina ena aakulu, ndipo Python imabwera kale ndi chida cholankhulira nayo chotchedwa sqlite3. Si chinthu chachibwana ayi. Anaiyamba D. Richard Hipp m'chaka cha 2000, ndipo lero ili m'mafoni a Android ndi iPhone omwe tili nawo m'matumbamu. Ndanena izi kuti wina asaganize kuti tinavutika chifukwa chogwiritsa ntchito chida chaulere.

Mlimi aliyense amalembedwa malo atatu: kudula ngongole yake, makilogalamu omwe wabweretsa, ndi ndalama zomwe adzalandire. Zitatuzi ziyenera kulowa zonse, apo ayi chisalowe n'chimodzi chomwe. Apa m'pamene pamabwera chomwe amati transaction. Akomiti ndimawafotokozera kuti zili ngati kulemba m'kope ndi pensulo. Ukanena BEGIN wayamba kulemba ndi pensuloyo. Ukanena COMMIT wadutsamo ndi bolopeni, zakhazikika. Ukanena ROLLBACK wafufuta zonse za pensulo mpaka pomwe unayambira. Tsono msika ukatentha alimi amafika ngakhale 80 patsiku, ndipo sungafufute tsamba lonse chifukwa lisiti la munthu mmodzi lalembedwa molakwika. SAVEPOINT ndi kamzere komwe umajambula pakati pa tsamba usanayambe kulemba za mlimi wina. Zikasokonekera umati ROLLBACK TO n'kutchula dzina la kamzereko, labala n'kulekera pomwepo, za anzake am'mwamba zili chikhalire. Zikayenda bwino umati RELEASE, kamzere n'kuchoka. SQLite inayamba kumva malamulo amenewa mu 2009, choncho pomwe ndinkalemba kapulogalamu kanga mu 2019 sizinali zachilendo.

Tsiku lina m'mwezi wa Juni kunabwera mayi ena achikulire ku ofesi, atamanga lisiti pangodya ya chitenje. Anamasula mfundo pang'onopang'ono, n'kuliwongola lisitilo patebulo ndi chikhatho.

"Alembi, kodi mbewu ija ndinatenga kawiri?"

Ndinati ayi mayi, munatenga kamodzi, makilogalamu 20 a CG7, ndinakuyezerani ndine.

"Nanga bwanji mwandidula kawiri?"

Sanakweze mawu. Anangoti ndalama yasowayo anaiwerengera pa fizi ya mdzukulu wawo wa ku sekondale. Ndinatsegula laputopu iwo ali pomwepo, ndipo zinalidi choncho: ngongole yadulidwa kawiri, mtedza walembedwa kamodzi.

Pomwepo ndinakumbukira madzulo a tsiku lomwe anagulitsa. Mnyamata wa pasikelo analemba chilembo O m'malo mwa ziro, 5O m'malo mwa 50. Pulogalamu inali itadula kale ngongole, itafika pa makilogalamu inalephera kuwerenga nambalayo, n'kupita ku ROLLBACK TO monga ndinaiuzira. Koma pasikirini panatuluka mawu akuti "no such savepoint: mlimi", kutanthauza kuti kamzere kotchedwa mlimi kulibe. Pulogalamu inaima. Ine ndinaganiza kuti poti yaima ndi vuto, ndiye kuti za mayiwo sizinalowe. Ndinakonza nambala ija n'kupitiriza kuyambira pa dzina lawo. Kulakwa kwanga kunali pamenepo. Uthengawo ndinauona ndi maso anga, koma sindinaime kuti ndidziwe chomwe ukunena.

Laputopu yathu inali ndi Python 2.7. Nditawerenga malongosoledwe a sqlite3 ndinapeza kuti chida chimenechi chinkachita zinthu kumbali osakuuza. Chikaona lamulo lomwe si SELECT, INSERT, UPDATE, DELETE kapena REPLACE, omwe ndi malamulo owerengera, kulowetsera, kusinthira ndi kuchotsera zolembedwa, chinkayamba chatumiza COMMIT pachokha, kenaka n'kupereka lamulo lakolo. ROLLBACK TO sali m'gulu la asanuwo. Ndiye pa nthawi yeniyeni yomwe ndinkapempha labala, chidacho chinayamba chadutsa ndi bolopeni pa ngongole ya mayi aja. Ndipo COMMIT imasesa timizere tonse. SQLite poyankha kuti kamzere kulibe inkanena zoona. Masabata onse am'mbuyo vutoli silinaoneke chifukwa kapulogalamu kanga koyambako kanalibe RELEASE, yemwenso akanatulutsa uthenga womwewo, kankangojambula kamzere pa mlimi aliyense n'kupitirira, ndipo lisiti lolakwika linali lisanapezekepo.

Khalidwe lotumiza COMMIT kumbali limeneli analichotsa mu Python 3.6, yomwe inatuluka mu Disembala 2016, ndipo Python 2 inali itatsala pang'ono kusiyidwa kusamaliridwa pa 1 Januwale 2020. Ndinaika Python 3. Ndinayesa ndi 5O uja dala, ROLLBACK TO inagwira, uthenga uja sunabwerenso. Mayi aja tinawabwezera ndalama yawo sabata yomweyo. Pokonzapo ndinawonjezeranso RELEASE pamapeto a mlimi aliyense, poti ndi momwe ziyenera kukhalira. Mtima unakhala pansi. Sindinadziwe kuti ndatseka dzenje lolira n'kutsegula lachete.

Kumapeto kwa pulogalamu ndinaikako chitetezo chomwe ndinkachidalira kwambiri. Ikamaliza alimi onse imaphatikiza makilogalamu a tsikulo n'kuyerekeza ndi chiwerengero chomwe mnyamata walemba pansi pa buku la kaboni. Zikasiyana, imafufuta tsiku lonse n'kulemba pasikirini kuti "Palibe chomwe chasungidwa, konzani mndandanda." Mawu amenewa ndinalemba ndine. Tsiku lina mu Julayi zinasiyanadi, chifukwa mnyamata anadumpha tsamba limodzi pokopera. Uthenga unatuluka, tinakonza mndandanda, ndinayendetsanso pulogalamu, zinagwirizana, tinatseka ofesi.

Patatha sabata asungichuma anakawerenga matumba m'nyumba yosungiramo mtedza. Kompyuta inkati muli matumba 31 oposa omwe analimodi. Akomiti anaitanidwa, ndipo munthu woyamba kumuyang'ana anali mlonda. Ndikuwaonabe bambo aja ataima pakhomo, chipewa chili m'manja, akuchipinda n'kuchiwongola. Atcheya anawafunsa kuti makiyi amagona kuti. Iwo anati, "Atcheya, ine ndalondera pano zaka zonsezi, ngakhale chitini chimodzi sindinatengepo." Wina anatchula za apolisi. Ine ndinapempha masiku awiri. Sindinapemphe chifukwa ndinkadziwa yankho, koma chifukwa nkhope ya mayi a lisiti aja inali isanandichoke m'maso.

Kupeza chomwe chachitika sikunavute. Nditasanja nambala za malisiti ndinaona kuti a tsiku lija analowa kawiri, kupatula a tsamba lodumphidwa lija. Matumba 31 aja sanabedwe, sanakhaleko n'komwe. Mwayi wake malipiro a sabata imeneyo anali asanaperekedwe. Chomwe chinandidya mutu n'chakuti zatheka bwanji, pulogalamu itanena yokha kuti palibe chomwe chasungidwa.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinakopera fayilo ya database pena, kuti ndisamayesere pa ndalama zenizeni, n'kuchita zinthu ziwiri zomwe ndikanayenera kuchita kuyambira pachiyambi. Choyamba, sqlite3 ili ndi njira yotchedwa set_trace_callback. Ukaipatsa print, lamulo losindikiza pasikirini, imaonetsa lamulo lililonse lomwe likupita ku SQLite, kuphatikizapo omwe chidacho chimatumiza pachokha iwe osalemba. Chachiwiri, pali in_transaction, yomwe imakuuza ngati pensulo ili m'manja kapena ayi. Ndinaiika kuti izilankhula pambuyo pa lamulo lililonse.

Pasikirini panayamba kutsika mizere: SAVEPOINT, UPDATE, INSERT, INSERT, RELEASE, kenaka SAVEPOINT wina, choncho mpaka pansi. Ndinakwera nayo mizereyo kawiri ndi chala kufunafuna mawu akuti BEGIN. Panalibe. Ndipo RELEASE aliyense akangodutsa, in_transaction inkati False, kutanthauza kuti pensulo mulibe m'manja. Pamapeto penipeni, pomwe pulogalamu inkayenera kufufuta tsiku lonse, mawu akuti ROLLBACK sanatuluke n'komwe.

Chifukwa chake chalembedwa poyera m'malongosoledwe a SQLite. Ukajambula SAVEPOINT usananene BEGIN, kamzere koyambako ndiko kamatsegula transaction. Ndiye ukakachotsa ndi RELEASE, zimakhala chimodzimodzi ndi COMMIT. Ine ndinkadalira kuti Python imanena BEGIN yokha, ndipo imaterodi, koma pokhapokha ikaona INSERT, UPDATE, DELETE kapena REPLACE pomwe palibe transaction yotsegula. Kwa ine SAVEPOINT ndiye ankayamba, Python n'kupeza kuti pensulo ili kale m'manja, n'kukhala chete. Mlimi aliyense ankadindidwa ndi bolopeni akangomalizidwa. Pofika madzulo panalibe cha pensulo choti n'kufufuta, ndipo ukaitana rollback popanda transaction yotsegula Python sidandaula, imangobwerera osachita kanthu. Pulogalamu inasindikiza mawu anga aja mokhulupirika, koma mawuwo sanafunse database ngati ali oona.

Mankhwala ake ndi ochepa modabwitsa. Potsegula database ndinalemba isolation_level=None, komwe n'kuuza Python kuti isiye kundiyambira kapena kunditsekera transaction. Tsopano BEGIN ndimanena ndekha tsiku lisanayambe kulowa. Mlimi aliyense amakhala ndi SAVEPOINT wake m'kati mwa BEGIN ameneyo. Zikayenda, RELEASE. Zikalakwika, ROLLBACK TO kenaka RELEASE, chifukwa ROLLBACK TO amafufuta zolembedwa koma kamzereko amakasiya pomwepo, ndipo ukapanda kukachotsa timizere timangounjikana. Pamapeto, COMMIT kapena ROLLBACK ya tsiku lonse, yolemba ndi dzanja langa. Amene ali ndi Python 3.12, yomwe inatuluka mu Okotobala 2023, ali ndi njira inanso: kulemba autocommit=False potsegula, ndipo transaction imakhala yotsegula nthawi zonse, SAVEPOINT n'kugwera m'kati mwake. Koma ukapanda kuitchula, Python imeneyo imachitabe monga inkachitira Python 3 yanga ija. Ndinaikanso UNIQUE pa nambala ya lisiti, kuti lisiti limodzi likafuna kulowa kawiri database izilikana pakhomo. Chikhala kuti ndinachita chimenechi pachiyambi, mlonda sakanaitanidwa.

Kuyambira nthawi imeneyo achinyamata angapo andionetsa mapulogalamu awo atatuluka uthenga womwe uja wa "no such savepoint", ndipo kawirikawiri wolakwa amakhala COMMIT wobisala. Wina amalemba kachigawo kothandizira kosunga mbiri ya zochitika, n'kuikamo commit pamapeto, kachigawoko n'kumaitanidwa pakati pa SAVEPOINT ndi ROLLBACK TO. Wina amagwiritsa ntchito lamulo la Python lotchedwa with pa connection, cholumikizira pulogalamu ndi database, akuganiza kuti imatsegula transaction, pomwe iyo imangochita commit kapena rollback potuluka. Wina amaitana executescript, njira yoyendetsera malamulo angapo pakamodzi, yomwe ukapanda kutchula autocommit imayamba yachita COMMIT isanayendetse zomwe waipatsa. Chondiopsa kwambiri n'chakuti uthenga umodzimodziwo utha kutanthauzanso zosiyana kotheratu. Malo akatha pa disiki, SQLite itha kufufuta yokha transaction yonse, timizere n'kupita nawo limodzi. Ndiye ukaona uthengawo sungadziwe pongouwerenga ngati zonse zadindidwa kapena zonse zafufutidwa. Tsegula fayiloyo ndi pulogalamu ina, monga DB Browser for SQLite, uone ndi maso. Pulogalamu yachiwiriyo imaona zokhazo zomwe zadutsidwa ndi bolopeni.

Pali zinanso zomwe labala ameneyu safika. Panthawi ina tinkafuna kuti mlimi azilandira uthenga wa pafoni mtedza wake ukangolembedwa. Ndinakana kuti uthengawo uzituluka m'kati mwa transaction, chifukwa madzi akatayika saoleka: database itha kubwerera m'mbuyo, koma uthenga uli kale mufoni ya munthu, ndipo mawa lake adzafika nawo ku ofesi. Chimodzimodzi lisiti losindikizidwa. Ngakhale nambala yomwe Python ikuphatikiza payokha m'kati mwa pulogalamu sibwerera ndi ROLLBACK TO. Ngati unawonjezera kale makilogalamu a mlimi uja pa chiwerengero cha tsiku, akhalabe momwemo ngakhale mzere wake wafufutidwa. N'chifukwa chake chiwerengero cha madzulo tsopano ndimachifunsa kwa database, ndipo mauthenga amatuluka COMMIT ikadutsa.

Omwe amagwiritsa ntchito chilankhulo cha PHP ndi database ya MySQL, omwe ndi ambiri pakati pa ophunzira athu, asaganize kuti izi n'za a Python okha. MySQL imachita COMMIT yokha ukapereka lamulo lopanga kapena kusintha tebulo la zolembedwa, longa CREATE TABLE kapena ALTER TABLE, pakati pa transaction, ndipo matebulo a mtundu wa MyISAM samva ROLLBACK n'komwe. Database ina yotchedwa PostgreSQL ili ndi khalidwe lake: lamulo limodzi likalephera, imakana ena onse mpaka utanena ROLLBACK kapena ROLLBACK TO. SQLite nthawi zambiri imangobweza lamulo lolepheralo, am'mbuyo n'kuwasiya ali a pensulo kudikira iwe. Mawu ndi amodzimodzi, SAVEPOINT, koma nyumba iliyonse ili ndi mwambo wake.

Pempho langa, Akonzi, likupita kwa anthu awiri. Aphunzitsi a zamakompyuta m'makoleji mwathu, ana akutuluka akudziwa kulowetsa ndi kutulutsa zinthu mu database, ndipo amapanga masikirini okongola kuposa anga. Koma mwa omwe ndakhala nawo pansi, ochepa ndi omwe anayesapo kuiphwanya dala pulogalamu yawo ili pakati pa ntchito. Apatseni mndandanda wokhala ndi mzere woola pakati, muwauze kuti asonyeze zomwe zatsala mu database, osati zomwe pulogalamu yasindikiza. Ndi phunziro la masana amodzi.

Kwa atcheya ndi asungichuma omwe mukugula kapena kulembetsa mapulogalamu otere: simufunika kudziwa Python kuti muyese. Wopangayo akabwera kudzakuonetsani, adzakuonetsani tsiku lomwe zonse zikuyenda bwino. Inu mupempheni atenge kope la fayilo, alowetse malisiti khumi, limodzi mulilembe molakwika dala, kenaka muwerenge limodzi kuti alowa angati ndipo ngongole ya munthu wa lisiti lolakwikayo ili bwanji. Muuzeni alowetsenso mndandanda womwewo kachiwiri muone ngati ukanidwa. Kenaka azimitse makina ntchito ili pakati, monga momwe magetsi amatichitira, ayatsenso muwerengenso. SQLite inapangidwa kuti magetsi akathima pakati pa transaction ibwerere pomwe inali isanayambe, koma zimenezi zimathandiza pokhapokha wolemba pulogalamu anaika BEGIN ndi COMMIT pamalo pake. Akakana kuyesa pamaso panu, musamulipire kaye. Ndipo buku la kaboni musalitaye. Maulendo onse awiri, chomwe chinatiuza zoona ndi pepala lomwe mlimi anasunga ndi linzake lomwe linatsala m'buku.

Masiku awiri omwe ndinapempha pa nkhani ya mlonda aja atakwana ndinaimirira pamaso pa akomiti ndi mapepala awiri, la kompyuta ndi la kaboni, n'kuwerenga nambala za malisiti mmodzimmodzi mpaka aliyense anaona kuti zabwerezedwa. Ndinanena kuti mtedza sunabedwe, cholakwika chinali mu pulogalamu yomwe ndinalemba ine. Atcheya anatuma mwana kukaitana mlonda kunyumba kwake, ndipo anawapepesa pamaso pa onse omwe analipo tsiku lija. Bambowo anangoti, "Ndamva, atcheya," n'kuvala chipewa chawo. Akulonderabe mpaka lero, koma kuyambira tsiku limenelo salola kutseka chitseko madzulo asungichuma asanawerenge matumba iwo akuona, n'kusayina m'kakope kawo komwe anagula okha.

Ine wanu,
Mlembi wa gulu la alimi a mtedza,
Mchinji